Pawa Sapulayi ya Tiwonge

Lolemba

Ndakwiya kuyambira m'mawa. Ndilemba pang'onopang'ono, pakuti dzanja ili linadziwa pensulo mochedwa, ku sukulu ya kwacha, mutu uli kale mbuu.

Nkhani yake ndi iyi. Tiwonge, mdzukulu wanga wa ku yunivesite, wakhala akumanga kompyuta yake zaka ziwiri, chidutswa lero, china mwezi wamawa. Akuti ndi ya masewera. Ili pa tebulo pabalaza, bokosi lakuda, mbali imodzi galasi lokhalokha kuti anthu aziona zam'mimba mwake. Chatsala chimodzi basi: pawa sapulayi, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kugawira ziwalo zonse. Loweruka kuli mpikisano ku holo ina ku Katoto, iye ndi anzake anayi, aliyense ndi makina ake. Pofika tsikulo kompyutayi iyenera kuyaka.

Tsono mwini wake wanyamuka lero ndi kalasi yake kupita ku Karonga, abwera Lachisanu madzulo. Katunduyo afika mawa pa shopu ya Che Yusufu m'tauni. Ndiye ndikumumva pa foni akusakasaka mnzake woti akamutengere. Mnzake! Ine ndili pomwepo ndikumwa tiyi!

Ine amene ndayendetsa mota za chigayo kuyambira kale, Katawa muno muli madambo ndi nthochi, mahostelo a ana asukuluwa kulibe. Magetsi andimenya katatu, ndikadali moyo. Lero kabokosi kakang'ono kafune mnzake?

Ndamuuza kuti ndipita ndine. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako walemba kapepala, waika mu envulopu.

"Asekuru, mukangopereka kapepala aka kwa Che Yusufu. Musakasankhe, musakafunse. Mukangopereka."

Mkazi wanga NyaMhango ali kukhitchini, mawu okha akubwera: "Tuma ine, mwana wane. Awo akabwera ndi mbuzi."

Zochita sabata ino:
1. Kukatenga pawa sapulayi.
2. Kuiika ndekha, Tiwonge adzapeze kompyuta yayaka kale.
3. Kusayankhula ndi NyaMhango mpaka apepese za mbuzi.

Lachiwiri

Mawawa kuyambira kucha. Jekete, chipewa, kabaza mpaka m'tauni.

Panjira ndatsegula kapepala. Ndawerenga 650W. Pansi pake pali mawu ena achizungu, amenewo ndawasiya.

Shopu ya Che Yusufu yadzaza ana a yunivesite, timawaya m'makutu, palibe wopatsa munthu wamkulu njira. Ndafika pa kauntala. Dzanja lili kale m'thumba, lagwira kapepala. Ndiye bamboyo, ndi mawu okweza kuti onse amve: "Mwadzuka bwanji, madala? Mwatumidwa ndi ndani?"

Kutumidwa!

Kapepala amanyamula ndi mwana wotumidwa mchere ku golosale, amene angaiwale panjira. Ine ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Dzanja latuluka m'thumba lopanda kanthu. Ndamuuza kuti sindinatumidwe ndi munthu, ndikufuna pawa sapulayi yamphamvu.

Apo ndiye mafunso ngati kupolisi. Ya kompyuta yotani? Khadi yake ya zithunzi imadya magetsi ochuluka bwanji? Bokosi ndi lalikulu motani? Mawaya akufunika angati? Mtsikana wina kumbuyo kwanga waseka, wabisa pakamwa ndi foni. Ndatuluka osatsazika.

Kumsika, kuseri kwa ogulitsa zitsulo, ndapeza munthu wodziwa ulemu. Wayala katundu wake pa lona, zotsala za m'maofesi. Sanandifunse funso ndi limodzi lomwe. "Yewo chomene, abwana, sankhani." Abwana! Wamva, Che Yusufu?

Ndanyamula imodziimodzi m'manja, monga tinkasankhira mota: yolemera ndiyo ili ndi kopa wambiri m'kati. Zina zopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Kenako ndapeza yanga. Yaitali ngati mkono, yolemera ngati njerwa ziwiri. 1200W. Akuti inachokera m'makina aakulu a ofesi ina imene inatsekedwa.

1200 ndi 650. Ngakhale ife a sukulu ya kwacha tikudziwa wamkulu ndani.

NyaMhango wayiyang'ana, wandiyang'ana ine. "Ichi ntchivichi?" Sindinayankhe. Onani nambala 3.

Lachitatu

Sikulowa.

Ndayesa choimirira, ndayesa chogona, ndayesa chopendeka. Malo ake ali pansi kumbuyo kwa bokosi, kachipinda kakang'ono kofanana mbali zonse. Yanga ndi yaitali ndi yopyapyala. Theka lalowa, theka latsala panja ngati mchira.

Cholakwa ndi cha amene anapanga bokosi. Munthu wanzeru amasiya malo. Kuchigayo, mota yaikulu ikabwera sitinkaibweza ayi, tinkaphwanya simenti n'kukuza maziko. Mota ndiyo mwini nyumba, nyumba imatsatira.

Kuti ndione ngati ili ndi moyo, ndayilumikiza pakhoma payokha ndi chingwe cha ketulo. Mayo ine! Kafani kake kalira ngati ndege ikunyamuka. Mphaka wadumphira pawindo. Mayi wa nyumba yoyandikana wabwera kudzafunsa ngati tatsegula chigayo m'nyumba, akuti ali ndi mphale. Anthu a Katawa alibe ntchito.

Koma mphamvu ilimo. Imeneyo ndiyo nkhani.

Tiwonge waimba masana. "Asekuru, mwatenga?" Ndati ndatenga. Si bodza. "Musaiike, mungoisiya m'katoni mwake." Ndati netiweki ikuvuta. Limenelo ndiye bodza pang'ono.

Ndayeza ndi tepi kawiri, ndalemba mzere ndi choko. Pofunika kudula ndi pang'ono chabe, zala zinayi.

Zofunika mawa:
sowo ya zitsulo
tupa
kachitsulo kogwirizira ndi masikuluwu
NyaMhango apite ku msonkhano wa amayi kutchalitchi

Lachinayi

Wapita. Ndayamba ntchito.

Ndilembe bwinobwino mmene zachitikira, chifukwa pambuyo pake anthu adzanena kuti ndinachita mosasamala, pamene ine ndinasamala kuposa dokotala.

Choyamba ndachotsa galasi lija, masikuluwu anayi, ndaliimika pa mpando wa sofa, litatsamira bwinobwino. Chachiwiri ndaphimba zam'kati zonse ndi chitenje kuti fumbi la chitsulo lisagweremo. Chitenje chimene chinali pafupi ndi chatsopano cha NyaMhango, chimene akusungira ukwati wa mphwake. Sindinachisankhe ine, chinali pafupi.

Ndadula. Chitsulo cha masiku ano ndi chofewa ngati chitini cha sopo, chikupindika m'malo moduka. Mzere wa choko wapita kwina, sowo yapita kwina. Komabe bowo laoneka. Pawa sapulayi yalowa! Ndayimanga ndi kachitsulo kogwirizira, siikugwedera ngakhale pang'ono.

Ndiye ndabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito yanga ndili patali. Ndakhala pa sofa.

Galasi latsetsereka pang'onopang'ono, ine ndikuliona. Ngodya yake yangokhudza simenti. Kungokhudza! Phwaa! Osati kusweka pawiri kapena patatu ngati galasi la pawindo, loti munthu n'kumata. Lasanduka mchere. Pabalaza ponse mchere, pansi pa kabati, m'nsapato, mu mbale ya mphaka.

Galasi lanji limeneli? Amaligulitsa bwanji kwa ana a anthu? Ndipo kompyuta ifuniranji windo, ili ndi maso?

NyaMhango wabwera ndili chogwada ndi tsache. Waona galasi. Waona bowo. Wanyamula chitenje chake, chili ndi mabala akuda a fumbi la chitsulo, ndi kabowo pamene sowo inapsompsona.

"Mbuzi ikanakhala bwino," watero. "Mbuzi tikanadya."

Nambala 3 ndayichotsa. Tsopano ndi iye amene sakundiyankhula.

Lachisanu

Ndadzuka ndi mtima umodzi: galasi lapita, koma kompyuta iyake. Mwana akaona magetsi ake akuthwanima adzaiwala windo.

Ndatenga magalasi anga amaso, ndayang'ana polumikiza mawaya. M'kompyuta muli pakamwa pambiri podikira chakudya. Pena pali timabowo makumi awiri ndi tinayi, ndawerenga katatu. Pena tisanu ndi titatu. Khadi ya zithunzi ija nayo ikufuna tisanu ndi titatu take.

Ndayang'ana pawa sapulayi yanga. Ilibe waya ndi umodzi womwe. Kumapeto kwake kuli kalilime kagolide basi. Masiku atatu ndakhala nayo, ndayinyamula, ndayiyeza, ndayidulira nyumba, osaona kuti ilibe manja! Ndipo wa pa lona uja osandiuza! Abwana, abwana, chikhalirecho akundigulitsa chinthu chopanda manja!

Ndafunafuna chowotcherera mawaya changa kuti ndilumikize ndekha. Sichikupezeka. NyaMhango wakhala pa dengu la zovala, sakusuntha, akusankha nyemba.

Chabwino. Kabaza. Kumsika pamalo pa lona paja pali mayi akugulitsa mbatatesi. Akuti sakumudziwa.

Ndiye ndapita kwa Che Yusufu. Ndadikira mpaka ana asukulu achepe. Ndatulutsa kapepala, ndakaika pa kauntala, maso ndayang'ana kudenga.

Wawerenga. Wagwira kumutu. "Aaa, madala! Ndinu agogo ake a Tiwonge? Si inu munabwera Lachiwiri? Inalitu pansi pa kauntala pompano, pamene munatsamira! Ndasunga mpaka dzulo, osaona munthu."

Wagulitsa. Kwa mnyamata wa ku Msongwe amene mawa akupikisana ndi gulu la Tiwonge lomwelo. Ina ifika sabata yamawa.

Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze Lachiwiri. Akuti, "Ndinakufunsanitu kuti mwatumidwa ndi ndani." Mwano wake sunathe.

Kenako, osamupempha, wayamba kundiphunzitsa. Akuti nambala yaikulu si kanthu. Umayamba waona chimene makina ako amadya, n'kuwonjezera pang'ono kuti ipume, n'kuona ngati ilowa m'bokosi, ndiponso ngati mawaya ake akwana pakamwa ponse. Akuti Tiwonge anawerengera zonsezo mwezi wathunthu. Mawu achizungu aja pansi pa 650 ndiwo anali mtundu wake.

Mwezi wathunthu. Mwanayo sanandiuze zimenezo.

Tiwonge wafika dzuwa litapendeka, chikwama kumsana, thumba la mpunga wa ku Karonga m'manja, la ife. Walowa akuseka. Waima.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Wayendetsa chala m'mphepete mwa bowo langa lija, pang'onopang'ono.

"Asekuru, kapepala kaja munapereka liti?"

"Lero."

Waika mpunga patebulo, walowa kuchipinda kwake.

Loweruka

Wapita ku Katoto ndi laputopu yobwereka, yakale, batani limodzi linachoka. Sanadye. Ndinati ndimuperekeze, NyaMhango wangondiyang'ana, ndakhala pansi.

Anthu amene ndawakwiyira lero:
wa pa lona
Che Yusufu, ndi funso lake
wopanga galasi
wopanga bokosi
mnyamata wa ku Msongwe, amene sindikumudziwa n'komwe
mayi wa mphale, amene wabweranso kudzafunsa ngati chigayo chatsekedwa

Ndawerenga mndandandawu kawiri. Ndikuona ngati pakusowa dzina limodzi, koma pensulo yafupika.

Abwera masana, Tiwonge ndi mnzake Lusungu. Agonja pa ndime yoyamba. Ndamva ndili kuseri kwa chitseko, Lusungu akufotokozera NyaMhango: "Agogo, chithunzi chimangoima. Chikayambanso kuyenda, munthu wa Tiwonge wa m'masewerawo wagwa kale. Kanayi konse! Chonsecho Tiwonge ndiye amatinyamula tonse."

Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkayesa ndi zoseweretsa chabe, zothamangitsana tizithunzi. Kani mwanayu ndi katswiri, ndipo anthu amamudalira.

Lusungu walowa pabalaza, waona kompyuta ndi mchira wake wachitsulo, wafuna kujambula ndi foni. Tiwonge wati, "Yayi. Usajambule. Ndi asekuru anga." Mawu okhawo.

Ndatuluka panja kukayang'ana nthochi. Tilibe nthochi, tinadula chaka chatha kuti timange zipinda za lendi. Ndayang'anabe pamalopo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndati bondo. NyaMhango wanyamula kiyi wa bokosi langa la zipangizo, wamumanga pa ngodya ya chitenje, wapita naye kukapemphera.

Galasi likutulukabe. Lero ndapeza kachidutswa m'thumba la jekete, jekete imene inali kuchipinda. Lidzatuluka mpaka ndidzafe.

Masana onse Tiwonge ali patebulo ndi kaburashi, akuchotsa ziwalo chimodzichimodzi, akupukuta fumbi la chitsulo limene chitenje sichinagwire. Akuti zonse zikuoneka zamoyo. Wauza agogo ake aakazi, osati ine. Ine ndakhala pa sofa, manja ndawaika pa mawondo pamene aliyense angawaone.

Wafika pa pawa sapulayi yanga. Masikuluwu atatu amasuka. Koma lachinayi lakana. Wayesa, wayesanso, dzanja lafiira. Wayesa NyaMhango, lakana. Ndinalimanga ngati la pachigayo, loti lisadzamasuke mpaka mwini wake abwere.



Kenako Tiwonge, osandiyang'ana, watambasula dzanja ndi sikuludiraiva.

"Asekuru. Ili lokha. Lokhali."

NyaMhango waimirira kumanzere kwanga, Tiwonge kumanja, ngati apolisi. Ndagwira, ndakanikiza, ndapotoza. Lalira kamodzi, lamasuka.

Pafupi pomwepo ndaona sikuluwu lina lopendeka pang'ono, longofuna kukhudza kamodzi. Ndaliona bwinobwino.

Ndabweza sikuludiraiva. Ndakhala pansi.