Mizere ya Apongozi

Lolemba

Tchuthi chayamba. Anzanga a ku ofesi ya zaulimi apita kutauni kukaona magetsi. Ine ndakwera phiri, kuchikamwini, kudzaombola munda wa apongozi.

Mlandu wake: mizere yawo imatsika phiri, kuchoka pamwamba mpaka kudambo, yowongoka ngati ajambula ndi rula. Mvula ikagwa, nthaka yonse imakwera ulere kupita kumtsinje. Nkhokwe imauma Khirisimasi isanafike. Ndipo munda wake uli pamsewu penipeni! Mwezi watha ndikuphunzitsa alimi za mizere yopingasa phiri, mkulu wina anaimika dzanja: "Alangizi, tamva. Tiyamba mukayamba ndi apongozi anu." Anthu anaseka mpaka kugwetsa zipewa. Matipate awa, aliyense wamera pakamwa.

Choncho mvula isanagwe munda uwu ukhala wachitsanzo. Za "bola talima" ine ayi. Zida:
- mitengo itatu yomanga ngati chilembo A, chingwe ndi mwala, zoyezera kutsetsereka kwa malo
- zikhomo, mtolo wathunthu
- digiri (ili m'sutikesi, koma ikumva zonse)

Lachiwiri

Kavuto kakang'ono. Mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso. Boma tasintha, makadi a chipani tinataya, m'basi anthu akunyoza nduna mwaufulu, koma lamulo ili palibe chisankho chinalikhudza. Ndikungotulukira kumunda, mayi aponya khasu, apatuka, agwada kuseri kwa chulu. Ine ndavula chipewa, ndapereka moni kwa chulu. Chulu chayankha: "Tadzuka bwino, kaya bambo."

Ndatuma mkazi wanga Esinati. Uthenga wake: mizere yotsika phiri ikutha nthaka, tisinthe.

Wabwerako akumwetulira. "Ndawauza kuti mukufuna kuwathandiza kugalauza. Akondwa kwabasi."

Nanga za nthakazo? "Iii, bambo a Tamanda! Ndikawauze mayi anga kuti sadziwa kulima? Mukufuna tikagone kuti?"

Lachitatu

Pakamwa pakanika, lilankhule khasu. Ndayeza, ndakhoma zikhomo, ndaunda mizere chigawo chonse chakumtunda. Ikukhota mokoma, kutsata thupi la phiri. Madzi akafika apa adzakhala pansi ngati mlendo wodikira moni. Amene anandiphunzitsa akanaona, misozi ikanatsika.

Manja: matuza okhaokha.
Msana: ngati wobwereka.

Mlamu wanga Gelesomu wadutsa panjinga, waima, wayang'ana mpaka kupendeketsa mutu. "Alamu, kachasu ameneyu munamwa kwa ndani? Nanenso ndikufuna yemweyo."

Ndamufotokozera sayansi yake yonse. Wandimvera chisoni. "Nayonso njoka imati ikuyenda bwino."

Lachinayi

Mayo ine!

Mizere yanga kulibe. Yonse yawongoledwa, yaloza kudambo, yosalala, popanda ngakhale chibuluma. Ntchito yaukatswiri, ndisaname. Zikhomo zanga azimanga kamtolo bwinobwino n'kuziika pambali.

Esinati akuti mayi analawirira ndi anzawo a kutchalitchi, kuti odutsa pamsewu asaone. Mawu awo akuti ndi awa: "Mwana wa eni ake wakulira m'kalasi. Tisamuchititse manyazi. Mtima ali nawo, dzanja lokha ndilo likupotoka."

Ndiye kuti kwa iwo mzere wokhota ndi wa munthu waulesi kapena woledzera. Nawonso safuna ntchito yachisawawa. Tagwirizana pa mfundo, tasiyana pa phiri.

Masana kwabwera thobwa, chipanda chodzaza, londipepesa. Ndamwa lonse. Ndikanatani?

Lachisanu

Kazembe watsopano: Gelesomu. Ndi mwana wawo, angathe kulankhula chilichonse. Ndamulonjeza chubu cha njinga.

Wabwerako akupukuta misozi ya chiseko. "Ndawauza kuti kukhotako n'kwadala, ndi za kukoleji. Akuti, iwe Gelesomu, usamamuseke mlamu wako, Mulungu sakondwa nazo."

Kumunda ndapeza chingwe chachitali, achikoka kuchoka pamwamba mpaka pansi, chomangidwa pa zikhomo zanga zomwe. Akuti ndizitsata chimenecho, ndizolowera.

Ndachilambalala mwaulemu, ndakhotetsanso chigawo chakumtunda. Wofuna zabwino satopa.

(Ndatopa.)

Loweruka

Yawongoledwanso! Ulendo uno ndi kwaya yonse ya amayi. Ndinawamva m'mawa akuimba, ine n'kumati akukonzekera za mawa.

Masana mitambo yakuda yatulukira cha ku Madisi. Mvula, ya matalala omwe. Ndabisala pansi pa mtengo wa mango, ndikuonerera nthaka yathu ikutsika m'mizere yokongola ija, mwadongosolo, pamzere pamzere, ngati ana a sukulu olangika bwino.

Pamsewu mkulu anaimika dzanja uja waima, tsamba la nthochi pamutu. "Alangizi! Ife tikudikirabetu!"

Lamulungu

Kutchalitchi, nthawi ya mathokozo. Mayi aimirira mbali ya amayi, nkhope aloza kukhoma. Athokoza chifukwa cha mvula. Kenaka athokoza chifukwa cha mkamwini "wophunzira koma wosadzikuza, wogwa n'kudzukanso, yemwe Ambuye akalola chaka chamawa adzawongola mzere yekha."

Mpingo wonse: "Ameni!" Alimi anga onse atembenuka kundiyang'ana. Nanenso ndati ameni. Chibadwire sindinayamikidwepo chonchi, ngakhale tsiku lovala mkanjo wa digiri lija.

Tili kudya, Esinati wabweretsa chigamulo chomaliza. Munda wa pamsewu ndisakhudzenso, ndingadzipweteke. Koma mayi andipatsa kamunda kangakanga kophunzirirapo, kuseri kwa phiri, kumene sikudutsa munthu. Akuti kumeneko ndilakwitse momasuka.

Ndalandira ndi manja awiri, kudzera mwa Esinati. Munda wachitsanzo ukhalapo ndithu, wokhota bwino, woyezedwa mzere uliwonse. Odzaphunzirapo: anyani a m'phiri. Paja amenewo ndiye amatengera msanga.