Tsiku Limene Olemekezeka Anathamanga Nafe

Usiku watha ndinalota zinthu zoti ndikanakhala munthu wopemphera bwenzi lero ndikusala kudya. Khalani pansi anyamata, masulani zingwe za nsapato, a Kochi Mbalule sanafike. Iwe Fanuwelo usapite patali, chifukwa unalimo, ndipo sunaoneke bwino.

Ndinalota kuti lafika tsiku la mpikisano uja takhala tikuufera, marathoni ya makilomita 42, yosankhira munthu wokaimira dziko kunja. Ndege yake inali itaima kale kumapeto kwa msewu, ikutenthetsa injini, chitseko chili chotsegula. Mipando anali atagawana kale akuluakulu a bungwe lathu la othamanga, akazi awo, ndi mlamu wina amene akuti amadziwa kupinda mbendera. Unatsala mpando umodzi, wa wothamanga, pafupi ndi chimbudzi. Wofika woyamba, mpando ndi wake. Ine mumtima ndinati, Lufeyo mwana wa amayi, zaka zonsezi ndege umaionera kumimba ikamadutsa, lero ukaione m'kati.

Ndiye ndikumanga zingwe, nsapato yakumanja inatsokomola. Paja nsapato zanga mukuzidziwa. Ndinazitola pamulu wa kaunjika, mtundu ndi umodzi koma si za mimba imodzi.

"Achimwene," inatero yakumanjayo, "ine ku Ulaya ndinathamanga mipikisano ya anthu enieni. Lero musandichititse manyazi. Muyambe mofatsa, mphamvu musunge, moto tikayatsa kumapeto."

"Kodi tikuthamangiranji?" inafunsa yakumanzere. "Mwini wanga wakale anali nkhalamba yoyendetsa galu madzulo. Tinkaima pa mtengo uliwonse. Palibe anafa."

Ndinaziuza kuti zikapitiriza mkangano ndithamanga wopanda nsapato ngati mmene ndinkachitira ku pulayimale. Mkangano unathera pomwepo.

Ndiye tinandanda pamzere m'mamawa, kukuzizira bwino, nyengo yake yeniyeni yothamangira. Tinatenthetsa thupi, thupi linatentha. Anati tidikire mlendo wolemekezeka adzatsegulire mpikisano. Thupi linazizira. Tinatenthetsanso, linaziziranso, ngati tiyi wa kuchipatala. Dzuwa linakwera mpaka phula linayamba kumata. Wotchi ya pakhosi pa a Kochi Mbalule inayasamula n'kunena kuti, "Ine ndikagone kaye, akafika mundidzutse."

Mwadzidzidzi ndinayang'ana mutenti ya akuluakulu, ndinaona masuti awo akuda akumera nthenga. Malaya oyera anakhala chifuwa choyera. Onse anasanduka akhwangwala, a Tcheya wathu ndiye khwangwala wamkulu, tayi ili lende pakhosi. Anali akujompha mabotolo a madzi amene anagulira ife othamanga, wina akunena kuti akungolawa ngati ndi abwino.

Ndiye Olemekezeka anafika, galimoto zili ndondondo. Dzina sindinalimve chifukwa maudindo ake okha anatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba. Anavala thirakisuti yatsopano, kapepala ka kusitolo kakulendewera kumbuyo. Analankhula kuti masewero ndi ofunika, kuti iwonso ali mnyamata ankathamanga kwambiri moti mphepo inkawapempha kuti aidikire. Akhwangwala anaomba mapiko. Kenaka Olemekezeka anati athamanga nafe masitepe ochepa chabe, kuti a kamera ajambule.

Mfuti inalira, tinanyamuka. Olemekezeka patsogolo, ife pambuyo. Sitepe yoyamba, yachiwiri, kamera inajambula. Ife tikudikira kuti apatuke. Sanapatuke. Azimayi a m'mbali mwa msewu anali atayamba kuwaimbira, ndiye munthu amasiya bwanji akumuimbira? Ndinangoona thirakisuti ija ikukhwinyata, mchira ukupindika kumbuyo, maso akutuluka uku ndi uku. Anasanduka bilimankhwe. Mwendo akaunyamula, amaubweza kaye, kuuganizira, kufunsa maganizo kwa mwendo unzake, ndiye n'kuuponda.

A Tcheya anauluka n'kutera pa waya wa magetsi ndi chimkuzamawu.

"Othamanga nonse tamverani. Mwa mwambo wathu, mwana sapita patsogolo pa wamkulu. Wopitirira Olemekezeka wapitirira dziko. Thamangani ndi mphamvu zanu zonse, koma kumbuyo kwawo."

Anyamata, munayamba mwathamangapo ndi mphamvu zanu zonse kumbuyo kwa bilimankhwe? Timadumpha malo amodzi ngati anthu odikira chimbudzi cha pa depoti. Tikafika pamene azimayi avala nsalu zobiriwira, Olemekezeka amabiriwira. Tikafika pa zofiira, amafiira. Pena anakumana magulu awiri, iwo anagawa thupi pakati, gulu lililonse linalulutira mbali yake.

Ndiye iwe Fanuwelo, iwe amene Lachinayi lapitali unalumbira kuti udzandisiya ngati chitsa, ndinakupeza uli pambali pawo wawafunditsa ambulera. Ukuwapukuta thukuta limene kunalibe.

"Bwana, liwiro limeneli mutipha nalo," unkatero. "Tachepetsani pang'ono, ife ana tikuvutika."

Usakane, ndinakuona ndi maso anga otseka.

Mwadzidzidzi mawondo anga anayamba msonkhano. Lakumanja ndiye linali wapampando.

"Bambo Lufeyo, tiuzeni chilungamo. Lamlungu lililonse anzanu akupita ku tchalitchi, inu mumatitenga kuchokera ku Kauma mpaka kumene agalu sakudziwani. Mumati mtunda wautali umakulitsa chifuwa. Lachiwiri mumatizungulitsa galawundi mothamanga, kupuma pang'ono, kuthamanganso, mpaka kulavula zowawa. Mumati ndiko kunola liwiro. Phiri lija mumatikweza ndi kutitsitsa ngati mwaiwalako chinthu pamwamba. Zonsezo zinali zoti tidzayende sitepe ya ukwati?"

Litangotchula ukwati, ndinaona tonse tagwirana awiriawiri, tikuponda kutsogolo, kuponda kumbuyo, kugwedeza phewa. Mnzanga wogwirana naye anali munthu wamtali wa ku Mulanje amene amathamanga m'phiri ngati mbuzi. Anali akulira mwakachetechete koma sitepe sanaphonye.

Ndiye tinapeza masamba aikidwa pamsewu, kusonyeza kuti pali maliro. Mukudziwa pa masamba munthu sathamanga, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Ife tinafuna kuchepetsa liwiro kuti tipereke ulemu, koma panalibe chochepetsa. Kumbuyo kwathu kunamveka nyimbo, adzukulu atanyamula bokosi, akuyenda mwachisoni monga mwa nthawi zonse. Anatipeza. Anatipitirira. Malemuwo anatsegula chivundikiro, n'kusuzumira, n'kutiyang'ana ndi chifundo.

"Pepani anamfedwa," anatero. "Mwataya ndani?"

"Ndi marathoni, bambo," ndinayankha.

"Anadwala nthawi yaitali?"

Ndisanayankhe, a Tcheya anakuwa pa waya paja kuti bokosi lapitirira Olemekezeka. Khwangwala wina anawanong'oneza kuti akufa savota, asiyeni. Bokosi linapita, fumbi lake tinalimeza ife othamanga.

Mwadzidzidzi patali ndinamva ndege ikukweza mawu, ndinaona chitseko chikuyamba kutsekeka. A Kochi Mbalule anatulukira pa njinga, akupalasa chobwerera m'mbuyo kuti asapitirire Olemekezeka.

"Lufeyo, mwana wanga," anatero, "mphamvu zija ndinkati usunge, ukusungira ndani? Nthawi yake ndi ino. Tsegula."

"A Kochi, nanga mwambo?"

"Kwanu mukafuna kudutsa pamene akhala akuluakulu mumatani? Mumagona pomwepo?"

Ndiye ndinachita mmene anatilerera. Ndinapatukira m'mbali, ndinawerama, ndinapinda mawondo, manja ndikuomba pang'onopang'ono.

"Zikomo bwana, ndidutse nawo."

Diso limodzi la Olemekezeka linatembenukira kwa ine, linalo linatsala pa kamera.

"Ndiwe wa kwa yani?"

"Wa kwa amayi anga, bwana."

"Ukuthamangira kuti?"

"Kutsogoloku, bwana. Ndikakuuzireni anthu kuti mukubwera."

Anagwedeza mutu, akuganiza. Mwendo wawo unali m'mwamba, ndipo ndinadziwa kuti ukamafika pansi chaka chikhala chitatha. Ndinadutsa chowerama, ndikuombabe m'manja, mpaka mchira wawo unatsala kumbuyo. Ndiye ndinaweramuka.

Anyamata, ndinathamanga. Sindinathamangepo choncho ndili maso. Mapazi amangopsompsona phula n'kulisiya. Mpweya umalowa wokha, kutuluka wokha, manja akupalasa ngati a munthu wina. Ma Lamlungu onse aja anabwera kudzandikankha kumsana. Nsapato yakumanja inkaimba nyimbo ya chizungu, yakumanzere inkalira pa mtengo uliwonse kuti tiimeko. Ndinapitirira bokosi lija, malemu anandiimikira chala chachikulu. Ndinapitirira minibasi, kondakitala anandipempha kuti ndimutengereko anthu awiri.

Ndiye ndinafika pomaliza, riboni ili chopingasa. Ndinatulutsa chifuwa ngati mmene timaonera pa kanema. Riboni inandibweza, ndinakhala pansi.

"Ukufuna kutani?" inandifunsa.

"Kukudula. Ndapambana."

"Ine ndimadulidwa ndi sizasi, ndi Olemekezeka, pali kwaya. Chifuwa cha munthu wa ku Kauma sichinandidulepo."

Sindinalimbane nayo. Ndinakwawira pansi pake, ndinakwera masitepe a ndege, ndinalowa chitseko chitatsala pang'ono kundidula chidendene. M'katimo munali fungo la nkhuku yokazinga. Akhwangwala onse anali atafika kale, aliyense wamanga lamba, chopukutira pakhosi. Ndinayenda mpaka kumbuyo, pafupi ndi chimbudzi, pa mpando wanga. Ndinapeza pakhala sutikesi yaikulu ya akazi a Tcheya, nayonso yamanga lamba, ikuwerenga nyuzipepala.

"Pepani mayi," ndinatero, "mpandowu ndi wa wothamanga."

A Tcheya anatembenuka, fupa lili kukamwa.

"Mnyamata, komiti yakhala pansi. Wafika woyamba, sitikukana. Koma wafika Olemekezeka asanafike. Mpikisano umatha akafika Olemekezeka. Ndiye iwe wafika pamalo pamene mpikisano kulibe. Kufika kotero ndi kungoyenda."

"Nanga kunjako akathamange ndani, a Tcheya?"

"Zimenezo tikaona konko. Chofunika ndi choti dziko liimiridwe."

Sutikesi ija inapinda nyuzipepala, n'kutsegula zipi pang'ono kuti ilankhule. M'kati munalibe kanthu, ngakhale sokosi.

"Mwana wanga, usadandaule," inatero mokoma mtima. "Tiye tiyerekeze. Ine ndimapita wopanda kanthu, ndimabwera wodzaza, nsapato, mafuta onunkhira, makatani. Iwe umapita ndi miyendo iwiri, umabwera ndi zifukwa. Kunazizira, chakudya chinali chachilendo, a ku Kenya anali ambiri. Ukanakhala iwe komiti, ukanatenga ndani?"

Ndinafuna kuyankha, koma pakamwa panga panatuluka kuomba m'manja. Akhwangwala awiri anandinyamula m'khwapa mwaulemu, n'kunditsitsa. Pamasitepe ndinakumana ndi iwe Fanuwelo ukukwera, wanyamula bilimankhwe pa pilo. Akuti anakulemba ngati dokotala wa timu.

Ndiye ndege inayamba kuyenda. A Kochi anafika pa njinga yawo, wotchi itadzuka, ikutikita m'maso.

"Ithamangire, Lufeyo," anatero a Kochi. "Ukaipeza, wakwera. Ukapanda kuipeza, tiwerenga ngati mtunda wautali wa sabata ino."

Ndinaithamangira. Injini ikulira, ine ndikuthamanga, ikulira kwambiri, ndikutambasula dzanja kuti ndigwire tayala, phokoso likukula mpaka mano akunjenjemera, fumbi loyera likundithira kumaso, likununkhira mgaiwa.

Mwadzidzidzi ndinatsegula maso. Chinali chigayo cha kuseri kwa nyumba yathu, chikulira. Mayi a Esinta anali ataima pakhomo, thumba la chimanga lili pamapazi awo.

"Bambo a Esinta, magetsi ayaka. Nyamulani ili mzere usanatalike. Si paja ndinu othamanga?"