Mpopi wa ku Riverside

Lolemba

Ndaiona! Nyumba yanga. Ili ku Riverside, konkuno ku Kitwe, mphepo ya mtsinje wa Kafue ikulowa yokha osagogoda. Mzungu mwini wake akulongedza, akuti ufulu wathu ukumutentha, akupita kumwera. Ayende bwino, asaiwale galu.

Zomwe ndaona posuzumira pa mpanda:
khonde loti timu ya mpira n'kuseweramo
mtengo wa mapeyala, wolemera mpaka kuwerama
chimbudzi chokoka tcheni
mpopi m'khitchini. M'KATI!

Nkhani ndi mpopiwo. Tsiku lomwe ndinkatenga amake Tereza kwawo kummawa, ndinalumbira pamaso pa amalume awo kuti ku Migodi mkazi wanga sadzasenza ndowa. Lero Tereza watha msinkhu, amake akadali pa mzere wa mpopi wa komboni, nkhata pamutu. Sandikumbutsa. Bola akanamandikumbutsa.

Komanso nyumba tikukhalayi ndi ya kampani. Mwezi watha a Tembo oyandikana nafe apuma ntchito, lole yafika, ana, mipando, nkhuku, ulendo wa kumudzi. Maluwa awo akuthirira wina.

Mawa ku Ndola, ku ofesi yobwereketsa ndalama zogulira nyumba. Andikane ine? Theka la mkuwa wa dziko lino ndakumba ndekha. Theka linalo anzanga ankandigwirira nyali.

Lachiwiri

Suti, tayi, nsapato zoti ntchentche ikatera iterereke. M'basi anthu akundisunthira, akuyesa nduna.

Ndalowera khomo la kutsogolo! Kalaliki wa magalasi akundipatsa mpando. Malipiro anga awakonda. Zaka zanga pa mgodi azikonda. Kenako: "Bambo, munatengapo katundu pa ngongole m'masitolo?"

Ndati mwina kamodzi, ndili mwana.

M'basi pobwerera ndikukumbukira:
galamafoni ya kabati
njinga
suti yomwe ndavalayi

Koma izi n'zakale, nthawi ya atsamunda. Boma linasintha, mbendera inasintha, ngongole zingatsale bwanji zokha?

Akufuna ndibwere Lachisanu ndi mboni. Munthu wa pa ntchito, wondidziwa kalekale, wosakhala m'bale. Akanene pamaso pa bwana wamkulu kuti ndine munthu wotani. Zosavuta. Kitwe yense amandidziwa.

Lachitatu

Vuto ndi lomwelo. Kitwe yense amandidziwa.

Abambo mfumu ku tchalitchi akuti apita mokondwa ndipo akanena zoona zokhazokha. Ndawathokoza kwambiri. Ndawasiya.

Kapitawo wa shifiti yathu akuti, "Ndipita, ukayamba wabweza pampu yanga ya njinga." Pampu inapita ndi njinga ija.

Watsala Mulenga. Takhala tikutsika limodzi m'mgodi chiyambire tilibe ndevu. Mwala utandipana mwendo ndi iye anandikoka, akunditukwana njira yonse kuti ndikulemera ndi mbewa. Chovuta n'chakuti Mulenga ndi Mbemba, ine wa kummawa, ndiye ndi mbuya wanga. Makolo athu anamenyana nkhondo, atatopa anapangana kuti azingonyozana mpaka dziko lithe. Iye amati ndine chidyambewa, ine ndimati ndi chidyanyani, wokwiya ndiye wagonja. Pa maliro a bambo anga anandipaka ufa kumaso, nandiseka ndikulira, kenako anakumba manda yekha mpaka matuza. Mawu abwino okhudza ine sanatulukepo m'kamwa mwake. Mwambo sulola.

Koma tsiku limodzi lokha, angalephere?

Lachinayi

Sukulu ya Mulenga, pansi pa mtengo wa mango. Mphunzitsi ine.

Anene izi:
ndi munthu wokhulupirika
mowa amangolawa
ndalama amasunga

Pa "wokhulupirika" watsamwa ndi tiyi, ndachita kumumenya kumsana. Akuti, "Iwe, ku Riverside ukadya chiyani? Mbewa za kumeneko ndi za azungu, zimavala nsapato." Komabe walumbira, wagwira ndi kolona yanga. Akuti mawa akhala ngati mngelo.

Kunyumba ndapeza nkhani yafika kale. Ndinangouza anthu awiri atatu kumowa kuti nyumba ndagula, basi komboni yonse yamva. Amake Tereza atulutsa nsalu ya maluwa yomwe akhala akusunga m'sutikesi chikwatiwire. Akusoka katani. Ndawauza kuti windo la kukhitchini ndi lalitali ngati ine nditakwera pa mpando.

Akusoka, osandiyang'ana, afunsa: "Mpopiwo, madzi ake amatuluka nthawi ina iliyonse? Ngakhale masana?"

Ndati ngakhale pa Khirisimasi. Amwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinakuona komaliza ku sitesheni, tsiku lomwe anatsika sitima.

Lachisanu

Ndilembe basi.

Bwana wamkulu ndi mzungu wongofika kumene, khungu lisanapse n'komwe. Kalaliki wa magalasi akumasulira. Mulenga wakhala chowongoka, tayi yobwereka yamukola pakhosi, thukuta kamukamu. Wayamba bwino! "Uyu ndi munthu wo... wokhulupirika." Mzungu akulemba. Nyumba ndikuiona, mapeyala ndikuwanunkhiza.

Ndiye ndamuyang'ana Mulenga. Tayi ija. Nkhope ya mngelo ija. Ambuye ndikhululukireni, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndanong'ona: "Taonani nyani wavala tayi."

Basi. Damu la Mulenga laphulika.

"Bwana, uyu? Galamafoni anabwera kudzailanda ikuimba, iye n'kumavina pambuyo pa lole mpaka kumsika!"

"Njinga anaibisa m'chimbudzi, eni sitolo anaipeza ndi belu!"

"Suti iyi musaikhudze, bwana, mwini wake ali ndi sitolo kuseri kwa ofesi yanu ino!"

Ine kubweza, nanga ndigonje pamaso pa mlendo? Tikuseka mpaka kugwirana mapewa. Kalaliki misozi ili mbwembwembwe, koma akumasulira liwu ndi liwu, akuti ndiyo ntchito yake. Mzungu saseka. Akulemba. Watembenuza pepala. Akulembabe.

Ndazindikira mochedwa. Ndafotokoza zonse, nkhondo ya makolo, ufa wa pamaliro, kuti kwathu kunyozana ndiye chibale. Wamvetsera bwinobwino, munthu waulemu ndithu. Kenako wafunsa kudzera mwa kalaliki: "Ndiye zimene wanena mnzanuyu ndi zabodza?"



Ndayang'ana Mulenga. Mulenga wayang'ana denga.

Mzungu akuti ndikalipire masitolo onse, ndikhale chaka dzina lili loyera, ndidzabwerenso. Wandigwira chanza. Khomo la kutsogolo lija potuluka ndi lalifupi.

M'basi Mulenga sananditukwane ngakhale kamodzi. Chimenecho ndiye chandiopsa.

Loweruka

Sindinawauze amake Tereza. Ndati mapepala akuyenda.

Masana miyendo yanditengera yokha ku Riverside. Pakhonde langa paima galimoto. Bambo wina wa chipewa, mkazi wake akuyeza mawindo ndi chingwe. Mwana wawo wakwera mu mtengo wanga, akudya peyala langa, losapsa n'komwe. Limutsegule m'mimba.

Windo la kukhitchini ndaliyang'anitsitsa. Ndi laling'ono kuposa mmene ndinanenera. Koma mpopi ulipo, ukuwala. Mayi uja wautsegula, wautseka, wautsegulanso. Akungoseweretsa madzi.

Ndaima pa mpanda mpaka galu wa nyumba ina wayamba kundifunsa mafunso.

Madzulo ndawauza. Zonse, ndi za nyani zomwe. Anangoti, "Ndamva kale kumpopi." Aluma ulusi, apinda katani. Akanandiponyera mbale ndikanagona bwino.

Lamulungu

Misa yoyamba. Abambo mfumu alalikira za lilime, kachiwalo kakang'ono kotentha nkhalango. Sanandiyang'ane, komatu tchalitchi chonse chinawathandiza.

Suti ndaipachika. Mwezi ukatha ndiyamba ndi mwini wake, kenako njinga, kenako galamafoni yomwe ikuimbira anthu ena. Chaka si kanthu. Ine ndinadikirapo sitima ya ku Livingstone.

Titaweruka ndatenga ndowa ndekha. Kwa amalume a mkazi wanga ndinalumbira za ndowa, zoti mpopi ukhala m'kati ndinawonjezera ndi pakamwa pangapa. Pa mzere amayi akuseka mpaka kukhala pansi. Posakhalitsa Mulenga uyo, ndowa ina m'manja, akukuwa kuti komboni yonse imve: "Patukani, bwana wa ku Riverside akudzatunga!" Wachira. Tatunga mpaka mgolo wadzadza, theka la madzi lili m'malaya mwathu.

Pobwera ndapeza katani yapachikidwa pa windo lathu la kampani. Yatalika zedi, yafika pansi n'kutsalako, ikusesa simenti. Ndatenga sizasi kuti ndithandize.

Amake Tereza andigwira dzanja.

"Isiyeni. Windo lake tidzalipeza."

Ndabweza sizasi m'chitini.