Nyamphepo Ayende Pansi

Lolemba
Anesi a ku kiliniki akuti mankhwala okha sakwanira. Ndisadzitsekerenso m'chipinda ngati chaka chatha, pamene ndinagona miyezi osafuna kuona munthu. Akuti ndipeze anzanga okonda zomwe ndimakonda. Kuno ku Chikomeni? Chabwino. Loweruka ndikuyambitsa kalabu ya makatuni pakhonde la sitolo ya a Zimba. Zomwe ndili nazo: bolopeni yakuda, kuseri kwa kalendala yakale, ndi ngwazi yanga Nyamphepo, mkazi amene amauluka n'kugwira ogula chimanga obera pa sikelo. Ndamujambula wamkulu, ndamata pasitolo. Mtima uli m'malo, zachilendo.

Lachiwiri
Chithunzi achimatula. A Zimba, amenenso ndi mkulu wa mpingo, akuti, "Mwana wanga, munthu wouluka tonse timamudziwa dzina lake." Ndikufotokoza kuti uyu si mfiti, ndi ngwazi, amauluka masana anthu akuona. Akuti ndiye woopsa ameneyo, alibe ndi manyazi omwe. Khonde andilanda. Zandinyansa kwabasi.

Lachitatu
Nkhani yafika kuchigayo ndipo yanenepa. Akuti nsalu ya kumsana kwa Nyamphepo ndi lichero lamakono. Akuti chaka chatha sindinkadwala, ndinkagona masana chifukwa chotopa ndi maulendo a usiku. Miyezi yonse ija ndikulira ndekha, palibe anabwera kudzati odi. Lero aliyense ndi dokotala wanga! Anthu osowa chochita.

Lachinayi
Ndagonjako. Nyamphepo ndamutsitsa m'mitambo, tsopano akungodumpha. Chisomo, mnzanga yekhayo amene analonjeza kubwera, watumiza uthenga: "Sinizabwela boyi, amama akana. Ati na kulumpha kwamene ni kwa patali." Patali bwanji? Ayeza ndi chiyani? Mutu ukuwawa, chakudya sichikulowa. Mankhwala ndamwa mokwiya, koma ndamwa.

Lachisanu
Amama aitana amayi a kumpingo kudzandipempherera. Andizungulira, andigwira pamutu, wina akukuwira m'khutu mwanga momwemu kuti chiwanda chituluke. Wotuluka ndine, ulendo wa kuchigafa cha fodya. Pobwerera ndikupeza Amama atenga masamba onse a nkhani ya Nyamphepo, akuti akawotcha. Ntchito yanga yonse kuyambira pamene ndinadzuka pa matenda aja. Ndawalalatira mawu oti sindingalembe pano. Ndamenyetsa chitseko. Chitseko chomwechija cha chaka chatha, ndipo ndikuchita mantha.

Loweruka
Tsiku la kalabu. Obwera: ine, buluzi wa pakhoma. Sindidzuka. Amama akugogoda, sinditsegula. Ndikudikira fungo la mapepala akupsa, silikubwera. Kaya akudikira abusa adzayatse okha.

Lamulungu
Amama sanapite kutchalitchi. Amama amene amapita ngakhale ali ndi malungo. Alowa osagogoda, masamba anga ali m'manja, opindikapindika, ena adontheredwa mafuta ophikira. Akhala pamphepete pa bedi. Akuti anafuna aone kaye chomwe akuwotcha.

Kenako akuloza tsamba lomaliza. "Wa sikelo uyu si uja anatibera chimanga, wa chipewa uja? Ndiye mkaziyu wamugwira, wamutani? Bwanji zathera pomwepa?"

Ndati sindinajambule.

"Dzuka ujambule. Koma mkaziyo avale chitenje, ayende pansi ngati anthu."

Ndiye basi. Kalabu yanga ili ndi membala mmodzi, yemweyo amene anandiitanira mapemphero, ndipo wayamba kale kulamula. Nyamphepo ndamujambulira njinga, yopanda ndi mabuleki omwe, aione. Ndikadali wokwiya. Potuluka Amama asiya chitseko chotsegula, ndipo sindinadzuke kukatseka.