Khofi Womwa Ukuyenda

Lolemba
Anakhazikitsa ndani lamulo loti munthu waulemu samamwa akuyenda? Kumasitolo atsopano aja a muno mu Lusaka, ogulitsa nkhuku ndi tchipisi abweretsa makina a khofi. Kudina kamodzi, thovu tho, kapu yapepala, chivindikiro, munthu ulendo. Pafupi pomwepo pali kafe ya mipando yawofowofo, mwini wake mayi wonunkhiza khofi ngati maluwa, ndipo makasitomala ayamba kumuthawa. Tsogolo lili m'chivindikiro. Digiri yanga ya zamalonda ikuvomereza.

Ba Anti andibwereka ngodya ya tebulo lawo la vitumbuwa pamsewu wa Kalingalinga, sabata imodzi yokha. Zikakanika, ndikagulitsa misomali kwa ba Malume ku Kamwala.
Zida: fulasiki ziwiri, khofi wa ku Kasama, makapu apepala, ine.

Lachiwiri
Mmawa msewu wadzaza: alonda, antchito a m'nyumba, osamalira maluwa, onse miyendo kuloza kwa olemera ku Kabulonga. Msika woyenda wokha!

Woyamba ndi ba Zulu, mlonda woweruka. Alandira kapu ndi manja awiri, ayang'ana uku ndi uku, akhala pa njerwa. Achotsa chivindikiro nachisuzumira pakabowo: "Aka ni ka mwana woyamwa?" Kapu imodzi, ola lathunthu.

Lachitatu
Njerwa ndazibisa. Ba Zulu abwera ndi anzawo awiri, onse anjuta pansi.

Ba Esnati, ogwira ntchito m'nyumba ya azungu, abweza kapu yadzulo yotsukatsuka, youmitsa bwino. Ndikuti ndi yotaya. "Kutaya vinthu va bene bake? Tinaleredwa, mwana wanga."

Lachinayi
Kafukufuku kumasitolo. Kwa ankhuku mzere mpaka pakhomo, mtsikana wa pamakina manja ngati mphepo. Ndaima ndikumusirira. Koma ogula aja akutuluka ndi makapu awo n'kukakhala pa mipando ya kafe. Mayi uja sakuwathamangitsa. Akuwapatsa wake pang'ono m'tikapu ting'onoting'ono kuti ayerekeze. Awiri aitanitsa yodzaza. Izi kusukulu sanatiphunzitse.

Lachisanu
Ndalemba chikwangwani: TENGANI, PITANI. Chakhala mphindi zisanu. Ba Anti achigwetsa: "Iwe, ufuna bakambe kuti pa tebulo panga tipitikisa bantu?"

Ba Zulu abwera ndi kampando kawo.

Ba Esnati alawa, akwinya nkhope. Akuti madzi ndimathira akadali kubwadamuka, ndiye khofi amapsa. Aphula ketulo yanga pa mbaula ya ba Anti, adikira, athira mozungulira, pang'onopang'ono ngati pemphero. Zaka makumi awiri akuphikira mabwana, iwo osamwapo atakhala. Ndalawa. Ndalawanso. Ndazindikira mochedwa kuti nanenso ndakhala pansi.

Loweruka
Chitsanzo chiyambe ndi mwini. Shati yoyera ya maintavyu, kapu kudzanja, ndikuyenda mwachangu kuloza pokwerera mabasi, onse akuonerera.

Pakona, ba Mayi Abusa. Moni wa dzanja limodzi sungatheke. Kapu ndaipana m'khwapa.

Zotsatira: shati yafiira, nthiti zapsa, moni wautali mpaka kufunsa za agogo ku Nkhata Bay. Pobwerera palibe waseka. Ba Zulu angosendera, kundisiyira theka la kampando.
Omwa lero: ambiri. Omwa akuyenda: ine ndekha, masitepe makumi atatu.

Lamulungu
Chigamulo cha ba Anti tikuchokera ku tchalitchi: tebulo ndisachokepo, chifukwa munthu akakhala pansi vitumbuwa vimayenda. Misomali ndaipulumuka. Koma vivindikiro asavionenso, ndipo madzi azithira ba Esnati akakhala ndi mpata.

Ndimafuna kupikisana ndi makina a mphindi ziwiri. Ndatsegula kafe yochedwa kuposa zonse mu Lusaka, pafumbi, yopanda denga.

Masana ndapita kwa akalipentala a kuseri kwa msika. Ndaitanitsa benchi yaitali, ya anthu asanu ndi mmodzi. Andifunsa ngati ndikufuna yokhala ndi chotsamira. Ndaganizira ba Zulu, ndipo ndati aike.