Mmene Ndinadziphera Ndekha pa Wailesi

Ndiyambe ndi kupepesa kwa onse amene munandilira. Misozi yanu sinapite pachabe, chifukwa ngakhale ndili moyo, chilipo chimene chinaikidwadi m'manda chaka chimenecho. Wokumba dzenje, wokhoma bokosi ndi wolemba ulaliki ndinali ine ndemwe.

Ine ndi uja anabwera ku Mzuzu kuno kudzaphunzira zauphunzitsi, n'kuphunzira zaka ziwiri, kenako ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere. (Iwo amati anandichotsa. Ine ndimati tinangoona kuti sitikuyenerana.) Kubwerera kwathu ku Dedza chimanjamanja kunali kovuta, choncho ndinapeza kachipinda ku Ching'ambo n'kuyamba ntchito yoyenera munthu wotha bodza koma woopa apolisi: kulemba masewero a pawailesi.

Bwana wanga anali a Gondwe, eni kasitudiyo kena ku Nkhorongo. Ndikati situdiyo ndikunena garaja yomata mathileyi a mazira m'makoma monse kuti mawu asamamveke ngati tili m'chitsime. Sewero lathu linkauluka Lamlungu lililonse masana. Linali la golosale ya munthu wina woumira, dzina lake Chikwama, ndi kalaliki wake wosayankha, Fatsani. A Gondwe ankasewera Chikwama. Ine ndinkasewera Fatsani, komanso sewero lonselo ndinkalemba ndine. Apa mumvetsetse, pakuti ine sindinamvetsetse: osewera tinkalandira malipiro a pamwezi chifukwa tinkabwera mlungu ndi mlungu, koma zolembazo a Gondwe ankazitenga ngati ganyu. Ndikapereka gawo, andipatsa kangachepe m'manja, tathana.

Ndiye kunabwera dzino. Lakutsogolo, lakumwamba, lija limaonekera munthu akamajambulitsa. Mukukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mu Juni. Ndikangotsegula pakamwa kuti ndipereke moni, mphepo inkalowa pabowo n'kukagogoda mpaka m'khutu. Dokotala wa mano anasuzumira n'kunena kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kulikonza kuti likhale, ndipo atatchula mtengo wake ndinaseka mwaulemu poganiza kuti akucheza. Yachiwiri, kulizula, zimene aliyense angakwanitse.

"Muli pa sikimu ya chipatala?" anafunsa.

Ndinati ndikafunsa kunyumba.

Mwamwayi, n'kuti yuniyoni yathu ya alembi ndi azisudzo itangokonza dongosolo la zimenezi. Anatiitanira m'kalasi ya pulayimale ku Salisbury Lines, akuluakulu a ndevu kukhala pa madesiki a ana, mawondo ali m'chibwano. Wofotokoza anali mlembi wa yuniyoni, a NyaMsiska, mayi wolemba mabuku a ana amene sanena mawu awiri pamene amodzi akukwana. Anati wantchito wokhazikika aliyense azidulidwa pang'ono, bwana wake aziwonjezera gawo lake, zina zizipita ku penshoni, zina ku sikimu ya chipatala. Ukadwala, ungoonetsa khadi. Chofunika n'chimodzi: bwanayo asaine fomu.

Penshoni sindinaimvere kwenikweni. Ine ndi dzino langa tinamva za khadi.

"Imwe adada a masewero," anandiloza a NyaMsiska, "mafomu a kwa a Gondwe ndi awa. Mukawapatse, mukawafotokozere, asaine. Basi."

"Musade nkhawa, amama. Ine ndi mawu tinabadwa tsiku limodzi."

"N'zimene zikundiopsa," anatero.

M'mawa mwake ndinawapeza a Gondwe akumanga waya wa maikolofoni ndi tepi. M'njira monse ndinali nditakonza zonena, zokhala ndi mutu, thunthu ndi mchira. Nditafika pamaso pawo chinatuluka ndi ichi: "Bwana, pali timapepala apa."

Anawerenga mzere woyamba wokha.

"Penshoni? Iwe mwana wane, wakalamba liti? Kuno ndife banja. M'banja mwana amasainitsa adada ake fomu? Yayi. Ukadwala undiuze, tikupempherera."

Atatero anapinda mafomu aja kanayi n'kuwaika pansi pa mwendo wa tebulo limene linkagwedera. Ndipo ine, mwana wa munthu, ndinati, "Yewo chomene, bwana." Ndinathokoza! Mpaka lero sindidziwa chimene ndinkathokoza.

Munthu wanzeru akanabwerera kwa a NyaMsiska kuti apitire limodzi. Koma ine ndine mlembi. Mlembi akalephera kuyankha pamaso amakayankhira papepala, ndipo papepalapo sanagonjepo mkangano ndi umodzi womwe.

Gawo la mlungu umenewo, Fatsani anayamba kutsokomola. Anapempha Chikwama kuti amulembetse pa sikimu ya chipatala, ndipo m'kamwa mwa Chikwama ndinaikamo mawu a a Gondwe enieni, osachotsa ngakhale mpumiro: ndife banja, tikupempherera, zonsezo. Tsiku lojambula ndinawayang'anitsitsa kumaso, kudikira manyazi. Anawerenga mokoma ngati akuimba, n'kuwonjezerapo zawo: "Mandimu ali kuseri uko, kathyole!" Titamaliza anandimenya paphewa.

"Iwe, Chikwama uyu ndi satana nadi! Anthu oterewa umawapeza kuti?"

Ndinati ndimangowaganizira.

Mlungu wachiwiri Fatsani anaonda. (Pawailesi munthu amaonda pouzidwa ndi anzake: "Fatsani, waondatu.") Wachitatu anakomoka akuyeza shuga, n'kugwera pa sikelo. Chikwama anamudula malipiro a tsikulo ponena kuti anagona pantchito, ndipo mzere umenewonso sindinalembe ine. A Gondwe ankabwera ku situdiyo akuimba mluzu, akuti omvera achuluka. Dzino nalo linali litayamba kundidzutsa asanalire tambala wa aneba.

Tsiku lina ndinakumana ndi a NyaMsiska pafupi ndi depoti.

"Chifuwa chanu ndikuchimva pawailesi, adada. Mafomu ali kuti?"

"Akugwira ntchito, amama." (Sindinaname. Tebulo linali litasiya kugwedera.)

"Lachisanu tipitire limodzi. Mphindi khumi zokha, ine ndilankhula."

"Ndipatseni Lamlungu limodzi lokha. Ndili ndi chida chomaliza."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Muonetsetse kumene mwachilozetsa," anatero, n'kumapita.

Ndinamupha Fatsani.

Ndinene mosadzitama kuti imfa imeneyo inali yokongola. Tinajambula m'mawa wa nkhungu, tsaya langa litatupa ngati ndabisa banzi. Sindinafunike kusewera ayi. Ndinangotsegula pakamwa, mphepo n'kuchita zotsalazo, ndipo kubuula kumene munamva kuja kunali kwenikweni. Mawu omaliza a Fatsani anali akuti, "Bwana, kakhadi kaja... kakanakhalapo..." Kenako ziii. M'gawo lomwelo ndinaikamo maliro, kuti chitsulo chisulidwe chikadali chamoto. Tonse tinaimba mozungulira maikolofoni imodzi. Tiwonge, mtsikana amene ankasewera mkazi wa Fatsani, analira mpaka makina anayamba kulira naye. A Gondwe atafika pa mawu a Chikwama a kumanda, anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi taye.

Mumtima ndinati: dzino iwe, wapulumuka.

Gawolo litauluka, mafoni a kuwailesi sanapume. Lolemba a Gondwe anapita kumsika kukagula mbatatesi, mayi wogulitsa atangomva mawu awo anaphimba dengu ndi chitenje n'kunena kuti kwa opha anthu sagulitsa. Kunyumba nako mayi a kunyumba kwawo anawafunsa pa tiyi kuti, "Kodi adada, ana aja mumagwira nawo ntchito, akadwala amatani?" Izi anatiuza okha, akupukusa mutu.

Lachitatu a Gondwe anatiitana tonse, n'kuitananso a NyaMsiska. Ananyamula tebulo ndi dzanja limodzi, n'kusolola mafomu aja, n'kuwawongola pabondo.

"Monire mose. Ine sindine Chikwama," anayamba motero. "Mumve bwino. Chikwama ndi munthu wa m'sewero. Kuno palibe amene adzafe ngati Fatsani. Gawo langa la penshoni ndipereka, la chipatala ndipereka, kuyambira mwezi uno."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaima kumbuyo, manja nditapinda, ndikukonza nkhope yodzichepetsa ya munthu amene watsala pang'ono kuyamikiridwa. Ndinali nditakonzanso mawu akuti, "Ayi, ndi ntchito ya tonse."

Anatenga mndandanda wa olandira pamwezi n'kuyamba kuitana mmodzimmodzi, akusaina. Tiwonge. Woyendetsa makina. Amene amasewera mkazi wa Chikwama. Ngakhale a Mkandawire, bambo amene ntchito yawo yonse m'sewero ndi kulowa m'golosale mlungu uliwonse, kufunsa mtengo wa machesi, n'kunena kuti adula. Kenako a Gondwe anatseka cholembera.

"Bwana, mwadumpha dzina."

Anayendetsa chala papepala. "Yayi, onse alipo."

"Langa, bwana."

"Iwe? Koma iwe unamwalira."

Anthu anaseka, nanenso ndinasekako pang'ono, mbali imodzi ya kamwa. A Gondwe okha sanaseke.

"Malipiro a pamwezi anali a Fatsani. Fatsani tinamuika Lamlungu. Unalemba wekha, ine ndinalira. Chatsala ndi ganyu ya zolemba. Amama, fomu ikuti chiyani za aganyu?"

"Ikuti okhazikika okha," anayankha a NyaMsiska. "Za aganyu tikukambiranabe."

Sanandiyang'ane n'komwe. Bola akanandikalipira.

Musaganize kuti ndinagonja pomwepo. Amene anapha ndi cholembera angathenso kuukitsa ndi cholembera, ndinadziuza motero. Mlungu wotsatira ndinabweretsa gawo limene zinadziwika kuti Fatsani anangokomoka, ndipo m'bokosi munali thunthu la nthochi.

"Anthu analira, iwe," anatero a Gondwe. "Ena anatumiza chipepeso kuwailesi. Ukufuna andigende?"

Ndinabweretsa lina: Fatsani anali ndi mnzake wobadwa naye mapasa, amene wangofika kuchokera ku Joni kudzalowa ntchito ya malemu.

"Mawu omwewo, chifuwa chomwecho? Omvera si ana."

Gawo lachitatu ndilo ndinalidalira kwambiri. Chikwama akudzidzimuka pabedi, thukuta lili kamukamu, n'kupeza kuti zonsezo anali maloto, Fatsani ali panja akusesa. A Gondwe anawerenga mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu ngati agwirizana nazo.

"Chabwino. Ngati imfa inali maloto, ndiye kuti kulapa kwanganso kunali maloto. Ndifufute masiginecha aja?"

Situdiyo yonse inatembenukira kwa ine. Anthu amene ndinadya nawo chimanga chootcha, amene ndinawalembera mizere yabwino kuposa yanga, anandiyang'ana ngati ndagwidwa ndi nkhuku ya eni. Tiwonge, mkazi wanga wa m'sewero, amene anandilira mpaka kusasa mawu, anandigwira dzanja mwachikondi.

"Achimwene," anatero, "usani mumtendere."

Dzino analizula Lachinayi lotsatira. Ndili pa benchi kudikira, tsaya lili m'manja, ndinaona a Mkandawire akulowa atavala jekete, khadi yatsopano ili m'thumba la pachifuwa, mutu wake ukuonekera dala.

"Adada, nanunso dzino?" ndinafunsa.

"Yayi, onse ali bwino. Ndangobwera kudzayesa ngati khadiyi ikugwira."

Inagwira. Iwo anatuluka mano akuwala. Ine ndinatuluka ndi thonje m'kamwa ndi khomo kutsogolo.

Bala litapola ndinazindikira kuti khomolo lili ndi luso lake. Ndikamalankhula, mawu ena ankatuluka ndi kamluzu. Tsiku lina ndikuwerengera anzanga gawo latsopano, a Gondwe anadumpha pampando.

"Ima! Bwereza pamenepo!"

Ndinabwereza. Kamluzu kanalira.

"Mzukwa!" anafuula. "Ameneyo ndi mzukwa weniweni! Fatsani abwere ngati mzukwa, azimuvutitsa Chikwama m'golosale. Iwe mwana wane, uli ndi mphatso."

Ndinafunsa msangamsanga: "Ndiye kuti ndabwerera pa mndandanda wa pamwezi, bwana?"

"Aaa, yayi. Mzukwa ukamabwera mlungu uliwonse anthu amauzolowera, amayamba kuupatsa moni. Kamodzi pamwezi. Ganyu."

"Nanga sikimu?"

Anandiyang'ana mwachifundo chenicheni. "Iwe, mzukwa ukatani kuchipatala?"

"Penshoni yokha bwanji?"

"Unauonapo mzukwa wokalamba?"

Ndinayesa kuyankha, koma chinatuluka ndi mluzu.

A NyaMsiska akuti nkhani ya aganyu ikambidwa pa msonkhano ukubwerawu, ndipo andipempha kuti ndikapezekeko. Andiuzanso ntchito yanga: ndikakhale kutsogolo, ikafika nthawi yovota ndikakweze dzanja, ndisakalankhule, ndipo koposa zonse ndisakalembe kanthu. Ndavomera. Anzanga onse pano ali ndi makhadi, amadwala momasuka, ndipo ena akandiona amandigulira tiyi, wofunda pang'ono chifukwa cha chiseyeye.

Kwa alembi anzanga, langizo langa ndi lalifupi: musanaphe munthu m'nkhani, yambani mwafunsa kuti malipiro ake amadya ndani. Kwa omvera, mukamva kamluzu m'golosale ya Chikwama Lamlungu loyamba la mwezi, musazimitse wailesi. Ndine, ndili pa ganyu.