Mmene Ndinatchera Mwana Wanga Kwinzi

Mukadzafika kwathu kuno ku Mkaika n'kumva anthu akuitana khanda kuti Kwinzi, chonde musadzandifunse tanthauzo lake pagulu. Ndikuuzani pano kamodzi kokha, ndipo ndikulemba mtima ukuwira. Ndakwiyira anthu atatu: mwamuna wanga, kalaliki wina wa ku Halale amene nkhope yake sindiidziwa, ndi ine mwini (koma ine pang'ono chabe).

Mwanayu anabadwa bambo wake ali ku Halale kuntchito. Pakwathu mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, ndiye apongozi anga, aNaphiri a ku Sinda, anati tidikire kalata, timve kaye mawu a mwini mwana. Mchombo unagwa, tinatuluka m'chikuta, kalata osabwera. Miyezi itatu tinkangoti "khandali". Akangotsokomola, ine mtima m'mwamba: akandisiya mwanayu, ndidzalira ndikutchula ndani?

Tsono ine ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi ya ku mishoni, ndipo makalata onse a m'mudzi muno amawerenga ndine. Kuno kalata siwerengedwa kuseri. Amayala mphasa, abale onse n'kukhala, wowerenga n'kukweza mawu kuti pasadzapezeke wonena kuti zina zinabisidwa.

Kalata yathu inafika ndi munthu wobwerera kwawo. Uthenga unapita ku Sinda, ndipo apongozi anatulukira fumbi lili m'mawondo, nkhuku ili m'khwapa. Amayi anga anayala mphasa, amalume anakhala pampando, azimayi a m'mudzi mbali iyi. Ine ndinatsegula kalata ija mwamatama. Kungoiyang'ana, thukuta kamukamu.

Chingelezi chokhachokha! Munthu amene Chingelezi chake chimathera pa moni! Anakapeza kalaliki kuti amulembere, ati mkazi wake wophunzira akondwe. Ndipo sichinali Chingelezi cha kusukulu ayi. Munali mawu onga sennight, eftsoons, bantling, amene ngakhale dona wa ku mishoni sindinamumvepo akuwatchula.

Wanzeru akanangoti, "Pepani, mawu awa andikanika." Ine ndinakonza pakhosi n'kuwerenga Chingelezicho mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Azimayi anagwira pakamwa. Amalume ankagwedeza mutu ngati akumva.

"Tamasulira tsono, mphwanga," anatero amalume. "Ife Chizungu chimangotiyabwa m'makutu."

"Akuti ali bwino, ndipo akupereka moni kwa nonse." (Kalata iliyonse imatero, apa sindinaope.)

"Chikalata chonsechi moni yekha?" anafunsa amayi.

"Akutinso mvula kumeneko ikugwa."

"Apongozi," anatero aNaphiri mofatsa, "mvula tili nayo konkuno. Ine ndayendera dzina."

Maso anga anathamanga papepala ngati mbewa yosowa una. Ndinaona mawu amodzi atalembedwa katatu, pafupi ndi pamene ankanena za mwana: quinsy. Ndinati munthu sangabwereze mawu katatu pachabe. Komanso ankakoma m'kamwa.

"Akuti Kwinzi."

"Kwinzi. Ndiye kuti chiyani?"

"Ndi duwa la ku Ulaya, losowa kwambiri." Mulungu andikhululukire, ndinayankha osaphethira.

Nthungululu zinalira. Apongozi ananyamula mdzukulu wawo, anamumanga mkanda padzanja, anamuitana dzinalo, napereka nkhuku ija. Ndinaona kuti kuseka kwawo sikunafike m'maso, koma ndinati n'kutopa ndi ulendo.

Ubatizo utayandikira, mtima unayamba kundiluma. Ndinabereka mwana n'kupita ndi kalata kwa aSitefano, mphunzitsi wamkulu amene anandiphunzitsa. Iwo amasunga chibuku chomasulira mawu a Chingelezi chimene mzungu wina anasiya, chodyeka ndi chiswe m'mbali. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, koma mkuluyo akaona mawu achilendo amachita ngati wapeza uchi.

"Ha! Sennight! Ameneyu ndi sabata, mwana wanga, usiku kasanu n'kawiri. Azungu akale ankawerenga masiku pogona, monga ife timati wagona masiku angati panjira. Eftsoons, ndiye kuti posachedwa. Awa ndi mawu a agogo a agogo awo. Eni ake anataya kalekale, kalaliki wanuyu wakatola kudzala."

"Nanga duwa lija, aphunzitsi?"

"Duwa liti?"

Ndinaloza ndi chala. Ananyowetsa chala chawo ndi malovu n'kuyamba kutembenuza masamba, pang'onopang'ono, ngati ine sindikupsa.

"Quinsy. Chotupa cha pakhosi, chamafinya. Taona kukoma kwake, mawuwa anachokera kwa Agiriki, ndipo kwawoko ankatanthauza kukanyanga galu pakhosi. Mwamuna wako anagona sabata yathunthu osameza kanthu. Wachira tsopano. Watchula katatu chifukwa zinamuwawa." Anandiyang'ana, nayang'ana mwana kumbuyo kwanga. "Kodi khandali munalitcha ndani?"

Ndinalozanso mawu omwe aja. Mkulu wa mpingo wathunthu anaseka mpaka kugwira chipupa, misozi mbwembwembwe. Atapuma anati, "Sindinathe. Bantling ndi kamwana. Mzere wotsirizawu akuti kamwanako akatche dzina ndi amayi a mwamuna wako, aNaphiri, iye alibe mawu."

Njira yonse yobwerera ndinkayankhula ndekha. Iwe kalaliki, kulikonse uliko, unalemberanji munthu wakumudzi mawu amene ngakhale eni ake anawakwirira? Unkafuna akutame ndani? Nanunso bambo a mwana, Chinyanja munachiphunzira pa sileti limodzi ndi ine, chinakulakwirani chiyani? Mukanangolemba kuti "pakhosi panatupa, amayi atche dzina", bwenzi mwana wanu ali ndi dzina la munthu.

Masiku awiri chakudya sichinatsike. Tsiku lachitatu ndinauyamba wa ku Sinda. Ndinapeza apongozi akusenda nsawa pakhonde. Ndinagwada poteropo n'kunena zonse, za duwa, za chotupa, za galu, ndi za mzere wotsiriza uja. Anapitiriza kusenda mpaka mawondo anga anachita dzanzi.

"Dzina ndinali nalo," anatero. "La malemu amayi anga. Ndinalisunga miyezi itatu. Ndinayenda nalo mpaka kwanu, n'kubwerera nalo."

Ndikanakonda akanandimenya ndi lichero.

"Ndiye tisinthe, amayi, ubatizo usanafike."

"Tisinthe? Ndalengeza midzi inayi kuti mdzukulu wanga ndi duwa la ku Ulaya. Mufuna ndizungulirenso ndikawauze kuti ndi galu? Dzina si nsalu yoti mungavule, apongozi. Taonani, Kwinzi! Mwaona, wacheuka. Lalowa kale. Za galuzo tidziwe ndife." (Inunso owerenga, musakazifikitse ku Sinda.) Anakutumula makoko pansalu yawo. "Koma wachiwiri, akhale wamwamuna akhale wamkazi, dzina ndidzatcha ndine. Ndipo kalata ikadzabwera, adzawerenge ndi wina."

Ndinavomera msangamsanga, ndikuwomba m'manja. Ndili panjira m'pamene ndinakumbukira kuti mwana wachiwiri amatchedwa ndi akuchikazi, ndipo amayi anga dzina lawo anasankha ine ndisanakwatiwe n'komwe.

Nditawauza, anaika mtsuko pansi.

"Wapereka dzina langa kwa aNaphiri? Woyamba wawo, wachiwirinso wawo? Walamula zimenezo ndani?"

Apa m'pamene ndikanaulula zonse, poti ndinali nditaphunzira kale kuti bodza limabala. Ndinayang'ana nkhope ya amayi, ndinayang'ana chikuni chimene chinali pafupi ndi dzanja lawo.

"Ndi mmene kalata ija inanenera, amayi," ndinatero. "Cha kumapeto."